Nguluwe ya pa Kona ya M'nkhalango

Udzu wa kuseri kwa mpanda unagwedezeka pomwe kunalibe mphepo. Radka anauyang'anitsitsa mpaka maso anayamba kuwawa, koma udzuwo unangoti zii ngati ukumuseka.

"Amalume, mwaona?"

A Lubor sanali amalume ake enieni. Aliyense wovala ovolosi ya mtundu wa olenji, chovala cha olondera makona pa msewu wa mpikisano wa njinga zamoto umenewu, ankawaitana choncho, chifukwa anayamba kukupiza mbendera makolo a ena asanadziwane n'komwe. Anali atakhala pa tayala, buledi pabondo, akudula soseji ndi kampeni.

"Ndaona soseji," anatero osadzutsa mutu. "Iwe waona chiyani, Mayi Gwape? Wabweranso m'bale wako?"

Radka analuma mlomo. Dzina limenelo linamumata chaka chatha. Tsikulo anali pa kona ya pafupi ndi nsanja, anyamata a matimu akuluakulu akulimbirana malo oyambira. Anaona gwape ataima m'mphepete mwa phula, anakupiza mbendera yachikasu, nakuwa pa wailesi. Gwape anadumpha n'kulowa m'tchire, makamera sanamugwire, ndipo mnyamata wa timu yolemera anataya malo abwino. A Sedlak, omwe amalamula mpikisano ali m'nsanja yagalasi, anamukalipira pamaso pa anzake ngati mwana woba shuga. Kenako anamuponya kuno, ku kona ya m'nkhalango, komwe kulibe kamera, kulibe oonerera, kuli mitengo ya paini ndi a Lubor basi.

Konayo ndi yoipa. Njinga zamoto zimatsika chitunda pa liwiro loti sungawerenge nambala, zimapendekeka mpaka bondo kukhudza phula, ndipo wokwerayo saona chili kutsogolo mpaka atachifika. Pansi pa mpanda wa waya panali chiboo chomwe mvula inakumba. Radka anachinena mpaka kutopa. Ankamuyankha kuti chikonzedwa. Utoto wa mipando ya alendo olemekezeka ndiye unapezeka msanga, waya ayi.

Mpikisano womwe unali kuyamba tsopano unali wa anthu wamba, wotsekera Lamulungu masana, mabwana atapita kale kukamwa mowa m'matenti awo. Amakaniko, oyendetsa mathirakitala, mphunzitsi mmodzi wadazi, aliyense pa njinga yomanga yekha. Pakati pawo panali Vilem, mlongo wake wamng'ono, pa njinga yobiriwira.

Mkokomo unayambira kutali, kuseri kwa chitunda, n'kumakula. A Lubor anaika buledi pansi n'kuimirira. Njinga zinatulukira ngati njuchi zoputidwa, nthaka inanjenjemera, fungo la mafuta linalowa mpaka kukhosi. Yobiriwira inali yachitatu. Zinapita, nkhalango inabweza phokoso lija, kenako bata.

"Akuthamanga bwino mwana wa kwanu," anatero a Lubor pokhalanso pansi. "Koma chigongono amachitambasula ngati akuvina pa ukwati. Umuuze."

"Mumuuze nokha. Ine samandimvera."

Maso a Radka anali atabwerera kale pa udzu uja.

"Usauyang'ane choncho, uuma," anatero a Lubor. "Inu ana a lero mumaopa ndi gologolo yemwe. Kale kunalibe mipanda yanuyi. Msewu unkadutsa m'midzi, pakati pa tchalitchi ndi nyumba yomwera mowa, m'makona tikuunjika mitolo ya udzu basi. Chaka china Zdenek wandevu uja anagunda tsekwe pa mudzi wa Lhota. Anamaliza mpikisano nthenga zili m'kamwa. Madzulo mwini tsekwe anabwera ndi foloko ya m'khola kuti amubaye, koma anathera kudyera limodzi tsekweyo ndi kabichi, akuimba. Nyengo zinali zimenezo."

"Nanga Otakar anadya ndi ndani?"

Kampeni kanaima.

Nkhani ya Otakar palibe wovala olenji yemwe sakuidziwa. Chaka choyamba cha msewu watsopanowu, gwape wamphongo anatulukira pa kona yomweyi Otakar ali patsogolo, ndipo Otakaryo anamugunda n'kufera pomwepo. A Lubor, ali mnyamata, ndi omwe anayamba kumufika, ndipo ndi omwe anakapereka chipewa chake cha panjinga kwa mayi ake. Chiyambire pamenepo, aliyense woima pa kona imeneyi sadya asanaponyere nkhalango chidutswa choyamba. Amati ukaipatsa gawo lake, siidzitengera yokha. Ngakhale omwe kutchalitchi sapondako amaponya. Radka yemwe, m'mawa uja, anali ataponya theka la apozi.

"Pakamwa pako," anatero a Lubor motsitsa mawu, "padzakuphetsa ndi njala."

Njinga zinadutsa kangapo asanayankhulanenso. Vilem anali atafika pachiwiri. Zitapitanso, a Lubor anadula nsonga ya buledi, naikapo soseji, n'kuponya kuseri kwa mpanda monga mwa masiku onse.

Chidutswacho sichinafike pansi bwinobwino. Udzu unang'ambika, panatulukira chimphuno chakuda, kenako mutu, kenako msana wa ubweya woima. Inali nguluwe yaikazi, yaikulu ngati mgolo, ndipo kumbuyo kwake tiana ta mizeremizere tinali piringupiringu.

Radka anatsegula pakamwa kuti akuwe.

"Chete, usaiopseze," ananong'ona a Lubor. "Ndi Baruska uyu. Samakwera pamsewu, ndi waulemu."

"Ili ndi dzina?"

"Chaka chino kwauma, m'nkhalango mulibe kanthu. Akangomva njinga amadziwa kuti tabwera, amabwera kudzatenga zake, n'kumapita."

Radka anawayang'ana.

"Amalume, mukumva zomwe mukunena? Nyama zonse zimathawa phokoso. Iyi mwaiphunzitsa kuti ikamva njinga izibwera!"

"Ine ndekha? Apozi uja anaponya ndi bambo mfumu?"

Koma nthawi yokangana inali itatha. Kamwana kamodzi kanali katapeza chiboo chija. Kanalowetsa mutu, kanadzikoka, n'kutulukira mbali ino, pa timiyala ta m'mphepete mwa phula. Kanayamba kufwenkha pansi, kamchira kali m'mwamba, kakusendera ku msewu.

Radka anatola mbendera yachikasu ndi dzanja limodzi, lina anakanikiza wailesi.

"Nsanja, nsanja, kuno ndi ku kona ya m'nkhalango. Nguluwe. Kamwana kalowa mpanda, make ali pachiboo. Ndikupempha yofiira."

Wailesi inakhosomola. "Ndani ameneyo?" anafunsa a Sedlak, ngakhale mawuwo ankawadziwa.

"Radka."

Wina m'nsanjamo anaseka, zinamveka bwinobwino.

"Ili pa phula?"

"Ayi, koma yatsala pang'ono."

"Ndiye yachikasu ikukwanira. Mpikisano watsala pang'ono kutha. Muithamangitse njinga zikadutsa."

"Tiithamangitse ndi chiyani, make ali pomwepo? Akanakhala ana a matimu akuluakulu aja mukanaimitsa kalekale! Awa si anthu?"

"Radka, masula wailesi. Lubor, mugwireni mtsikanayo."

Yachikasu ndi ya woima pa kona, amakupiza mwini akaona choopsa. Yofiira imaimitsa mpikisano wonse, ndipo siikhudzidwa nsanja isanalamule. Limenelo ndi lamulo loyamba lomwe amakuphunzitsa, usanadziwe n'komwe kugwira chozimitsira moto.

Mkokomo unabweranso. Radka anakupiza yachikasu ndi thupi lonse, phewa mpaka kulira. Koma kumapeto kwa mpikisano, magazi atatentha, yachikasu anyamatawa amangoiona ngati nsalu yoyanika. Anabweza moto pang'ono chabe, mwaulemu. Njinga yofiirira ya mphunzitsi wadazi inadutsa, yobiriwira ili pamchira pake penipeni. Kamwana kaja kanadzidzimuka, kanazungulira, kanathamangira ku phula, n'kubwerera tayala la njinga yomaliza litakapita pamphuno. Kanalira kulira kobaya m'makutu.

Make anamva. Analowetsa mutu pachiboo, nakankha. Waya unalira.

A Lubor anali ataimirira, nkhope itayera. Anayamba kunyema buledi n'kumaponya kutali, m'kati mwa mitengo.

"Baruska, uko! Pita uko, mayi! Taona soseji!"

Anaponya soseji yonse, anaponya ndi pepala lomwe. Nguluwe sinacheuke. Mapewa ake anali atalowa kale, dothi likugumuka, tiana tina tikudzipanikiza m'mbali mwake.

"Kaponyeni miyala!" anakuwa Radka.

"Ukaigenda ithawira kutsogolo, pamsewu! Ukuidziwa nguluwe iwe?"

Wailesi inalira, mawu a mnzawo wa pa kona ya kumtunda, osangalala, osadziwa kanthu. "Wobiriwira wadutsa! Mayi Gwape, mlongo wako ali patsogolo! Lero ugula mowa!"

Patsogolo. Ndiye kuti woyamba kutsika chitundacho, woyamba kupendekeka pa kona yosaoneka kutsogoloyi, akhala Vilem, wopanda wina womuonetsa njira. Radka anadziwanso china. Yofiira ikatuluka, zotsatira amaziwerengera pa ulendo wozungulira msewu womwe unatha kale, ndipo pa ulendo umenewo Vilem anali wachiwiri. Zaka zonsezi akuthamanga pa matayala otoleza kwa anzake, chikho sanachigwirepo. Mayi awo anasiya kubwera kudzaonerera, ankangokhala kukhitchini foni ili patebulo.

Mwina nguluweyo ikanangotenga mwana wake n'kubwerera. Mwina ikanadikira. Chaka chatha gwape uja anadumpha n'kupita, ndipo aliyense anati Radka ndi wamisala.

Mbendera yofiira inali yokulungidwa pa tsinde la mpanda. Anaitola.

A Lubor anamugwira pamkono. "Mwana iwe, akuchotsa. Sudzaimanso pa kona iliyonse m'dziko muno."

"Ndisiyeni."

"Dikira pang'ono, ndiyesenso."

"Amalume, mukufuna mukaperekenso chipewa china kwa mayi wina?"

Dzanja lija linamasuka.

Radka anakwera pamwamba pa mulu wa matayala otchinga pakona, pomwe amaoneka kuchokera kumtunda, n'kutambasula yofiira. Wa pa kona ya kumtunda anaiona, anaganiza kuti lamulo lamudutsa pa wailesi, natulutsa yake. Wotsatira nayenso. Mbendera zofiira zinayaka motsatizana kukwera chitunda chonse.

"Walamula yofiira ndani?" wailesi inaphulika. "Ndani? Ndikufunsa!"

Mkokomo unali utafika kale pamwamba. Radka sankadziwa ngati Vilem waiona, chifukwa munthu akakhala patsogolo koyamba maso ake amangoona phula. Yobiriwira inatulukira ili pa moto wonse, mutu wa wokwera uli pa thanki. Inatsika, inatsikabe. Kenako injini inabuula, mutu unadzuka, dzanja lamanzere linakwera m'mwamba kuchenjeza a m'mbuyo.

Analowa m'kona pang'onopang'ono, njinga ili chiimire. Pa phula panalibe kanthu. Nguluwe inali itabisika kuseri kwa mulu wa matayala, ndipo kuchokera pamsewu sinkaoneka. Vilem anayang'ana uku ndi uku kufuna yemwe wagwa, sanaone munthu. Anaona mlongo wake ataima pamwamba, yofiira m'manja. Anakankha galasi la chipewa.

"Radka! Wapenga? Ndinali patsogolo! Patsogolo, mfiti iwe!"

Anamenya thanki ndi chibakera n'kupitirira. Ena anatsatira pamzere, ena akupukusa mitu, mphunzitsi wadazi akumuloza chala pachipumi. Radka anakupizabe mpaka njinga yomaliza, yakale yofuka utsi, itakhota n'kusowa m'mitengo.

Pamenepo waya unaduka. Nguluwe inatulukira yonse, inadzikutumula, n'kuyenda mosathamanga kudutsa timiyala. Inakwera pa phula, pa mzere wakuda womwe matayala amasiya, tiana tonse tili m'mbuyo. Inanunkhiza pansi, inatembenukira kwa a Lubor, n'kuima kudikira.

Radka anakhala pansi pamatayalapo, mbendera ili pamiyendo.

"Kona ya m'nkhalango, yankhani!" a Sedlak anali akukuwabe. "Pali wavulala? Titumize ambulansi? Yankhani!"

A Lubor anatola wailesi yomwe inagwera m'fumbi, anaipukuta pa ovolosi, naipereka kwa Radka osamuyang'ana m'maso. Iye anaikanikiza.

"Palibe wavulala," anatero. "Onse adutsa."

"Ndiye waimitsiranji mpikisano wanga?"

Radka anayang'ana pamsewu. Nguluwe ija, itaona kuti palibe chikuponyedwa, inagona cham'mbali pa phula lofunda, pakati penipeni pa kona, tiana n'kuyamba kuyamwa.