Tulo ta Kabwana

"Wagonanso," anatero mlamu wake monong'ona, phazi likupalasabe makina osokera.

Make Kabwana anaima pakhomo la shopu, maso ali psuu. Khandalo analitcha Kabwana chifukwa kunyumba ndi lomwe linkalamula. Linkalira mpaka kucha, iye akuzungulira nalo m'chipinda, kuyamwitsa, kubereka, kuimba mpaka mawu kusasa. Koma akangofika nalo kushopu n'kulipereka kumsana kwa mlamu wake, tulo tomwe ito.

Nsanje inamudya, ndipo analibenso mphamvu zoibisa. Makinawo anali ake. Anasokerapo mpaka tsiku lopita kuchipatala kukachira, ndipo mlamuyo, mchemwali wa mwamuna wake, anangobwera kudzagwirizira. Tsopano mpando unali wa mlamu, makasitomala ankatama mlamu. Ndiye atengenso mwana?

"Alamu, mumamupatsa chiyani mwana wangayu?"

"Ine? Ndili ndi mkaka ine?" anaseka mlamuyo. "Mwina msana wangawu ndi matiresi."

Mayi wina amene ankadikira diresi lake anathirapo ndemanga. "Musadandaule, amayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Ngwako masana," anayankha make Kabwana. "Usiku amakhala wa yani? Alamu, ndipatseni mwana wanga."

Mlamuyo anasiya kupalasa kuti amasule nsalu yoberekera. Makina atangoti zii, Kabwana anadzambatuka n'kuyamba kulira ali kumsana komweko. Kunena zoona, make Kabwana mtima unamuti myaa.

"Matiresi aja alowa nsikidzi?" anafunsa.

Pofuna kumutonthoza, mlamuyo anayamba kudzigwedeza pampando, phazi n'kuponda chopalasira mosadziwa. Makina analira. Kabwana anatseka pakamwa, mutu n'kugwera pambali.

Make Kabwana ndi mlamu wake anayang'anizana. Mlamuyo anaimitsa dala, mwana analira. Anapalasanso, mwana anatonthola.

"Tasunthani," anatero make Kabwana. Anabereka mwana wake, nakhala pampando wake wakale, nayamba kupalasa. Asanafike kumapeto kwa msoko, anamva kamutu kofunda katatsamira pamsana pake. Misozi inalengeza.

"Miyezi yonse ali m'mimba ankamva chiyani?" anatero mlamuyo. "Inu mumamuimbira za kutchalitchi, chikhalirecho nyimbo yake ndi imeneyi."

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikukutukwanani mumtima chifukwa cha chitsulo?"

"Ndinkamva. Mtima wanu sunong'ona."

Make Kabwana anafuna kuseka, koma phazi linali litayamba kulemera. Mutu unagwa, singano n'kudutsa pafupi ndi chala. Mlamuyo anamugwira dzanja msanga, nayala nsalu zotsala kuseri kwa tebulo lodulirapo.

"Gonani apa. Ndipatseni mwanayo."

"Ayi. Inu palasani. Mwana agona pachifuwa panga."

"Nsanje yakeyo mpaka kutulo?"

Make Kabwana anali atagona kale, dzanja lili pamsana pa mwana wake.

Diresi lija linatha, mwini wake anatenga n'kutuluka monyang'ama. Panalibenso chosoka tsikulo. Mlamuyo anayang'ana awiri ogonawo, nasisita bondo lake lomwe linali litayamba kuphwanya. Kenako anachotsa ulusi pasingano, napitiriza kupalasa makina opanda nsalu.