Maliro a Wodulidwa

"Ndiye mukuti ngakhale nyimbo imodzi?"

"Ngakhale theka la nyimbo, Abusa. Lamuloli sindinalilembe ndine."

"Koma munthuyu ankabwera kutchalitchi sabata iliyonse."

"Ankabwera, inde, pabenchi yakumbuyo. Wodulidwa saletsedwa kumva ulaliki. Chomwe sachita ndi kudya Mgonero, ndipo akamwalira sitimuimbira. Funsani alembi awa, buku amasunga ndi iwo."

Onse awiri anatembenukira kwa Peterson Zuze, mlembi wa mpingo. Anaima atatu kuseri kwa nyumba ya siwa ku Mbayani, pakampata kopapatiza pakati pa khoma ndi bafa la neba. Abusa Chapinga anali asanathe chaka chibwerere ku mpingo wa ku Chitawira. A Semba anali mkulu wa mpingo kuyambira Abusawo ali kupulayimale, ndipo malamulo ankawadziwa bwino kuposa mayina a adzukulu awo.

Kutsogolo kwa nyumbayo anthu anali atakhala pa mabenchi ndi pa njerwa, akudikira. Akwaya anaima pamthunzi wa mpanda, mabuku a nyimbo ali chitsekere. Bokosi la malemu Jailos linali m'nyumba. Lole inaima kumsika poti njira yofika pamenepa ndi ya miyendo basi, ndipo dalaivala anali atanena kale kuti ikangokwana thuu koloko anyamuka, kuti akatsike mapiri a ku Chikwawa dzuwa likadalipo. Ku Nsanje n'kutali, ndipo kutentha kwa Okutobala sikudikira zokambirana za akulu a mpingo.

"Alembi," anatero Abusa, "m'bukumo munalembedwa chiyani kwenikweni?"

Peterson sanafunikire kulitsegula. "Anaonedwa akutuluka kwa sing'anga ku Bangwe atanyamula kadilesi ka mwana. Atafunsidwa pabwalo la akulu a mpingo, anavomera kuti anapitako. Atafunsidwa mwini wa kadilesiko, anakana kunena. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo."

"Mwamva?" anatero a Semba. "Munthu wa ana aamuna okhaokha, dilesi ankatani nayo? Tinamupatsa masabata atatu. Kukamwa gwa, ngati tamukhoma ndi misomali yake yomwe."

Mwini wa kadilesiko anali pamaliro pompo. Anali Daisy, mwana woyamba wa Peterson, amene tsopano ankaphunzira unamwino, ndipo nthawi imeneyi anali m'nyumba atakhala pambali pa namfedwa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankakomoka kawiri kapena katatu pa sabata. Kuchipatala anamuyeza zonse osapeza kanthu. Peterson anali atangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa mpingo, nkhope yake yodziwika kuyambira ku Chitawira mpaka ku Limbe. Ndiye anapita kushopu ya msuweni wake Jailos, kalipentala, kadilesi kali m'jumbo, n'kumuuza kuti, kwa sing'anga mupite ndinu, inu palibe amene angakuyang'aneni. Analakwitsa. Mayi wina wa mumpingo ankagulitsa tomato moyang'anana ndi khomo la sing'angayo.

Tsiku la mlandu Peterson ndiye anagwira cholembera. Analemba bwinobwino, ndi zilembo zake zokongola zija.

Daisy anachira. Kaya inali mizu ya ku Bangwe kaya mapiritsi omwe dokotala wina anasintha mwezi womwewo, palibe angadziwe.

Musaganize kuti Peterson sanalape. Analapa ndithu. Patatha zaka zitatu, pamsonkhano wa chitsitsimutso, anagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi, anauza Mulungu zonse osasiyako kanthu, ndipo anadzuka thupi lili pepuu ngati watula thumba la simenti. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Yesu anafera tchimo limenelo monga anafera ena onse, ndipo ankalalika zimenezi mogwira mtima moti amayi ankapukuta misozi. Anapitanso kwa Jailos. Jailos sanasiye n'kupala thabwa komwe. "Zinatha zija, achimwene. Mwana ali moyo, si choncho? Tandigwirirani uko." Peterson anagwira thabwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Choncho Mulungu anakhululuka, Jailos anakhululuka. Linatsala buku lokha. Kuti Jailos abwezeretsedwe ankayenera kuimanso pamaso pa a Semba n'kuyankha funso lomwe lija, kutchula dzina kapena kunama. Iye anasankha benchi yakumbuyo. Mgonero ukamayamba ankatuluka mwakachetechete chipewa chili m'manja, ndipo Peterson, atanyamula mbale ya mkate, anaphunzira kusayang'ana kukhomo.

"Sanalapepo kwa wina aliyense wa inu?" anafunsa Abusa. "Ngakhale akudwala?"

"Kulapa kwa mumtima n'kwa Mulungu," anatero a Semba. "Ife tilibe makina ounikira mitima. Tikaimba lero, mawa mudzaimbira a mitala, mkuja a kachasu. Ndipo akuluakulu akamva, kalata sidzabwera m'dzina langa, Abusa. Idzabwera m'dzina lanu."

Abusa anapukuta thukuta m'khosi, pansi pa kolala. Kumsika hutala ya lole inalira kawiri.

Peterson ankayesa kuwerengera nkhaniyi monga ankachitira nthawi zonse, ndipo nthawi zonse yankho linkatuluka lomukomera. Tchimo lokhululukidwa silifukulidwa. Abusa omwewa analalikirapo kuti amene amakumbutsa munthu machimo omwe Mulungu anaiwala ndi Satana, woneneza uja. Ndiye mawu amene ankamukanda m'chifuwa lerowa anali a ndani? Ngati ndi a Satana, bwanji ankamuuza kuti anene zoona? Ngati ndi a Mzimu, bwanji ankakumbuka zomwe Mulungu anaiwala?

Anayesa njira ina. Anadzifunsa kuti kwenikweni akuopa chiyani. Anafufuza mumtima mwake mantha a chiweruzo, sanawapeze. Kumeneko kunali bata, mlandu unatsekedwa kalekale ndipo sanakayike. Mantha amene anapeza anali ena, aang'ono ndiponso ochititsa manyazi. Ankaopa kuvula jekete la ukulu wa mpingo. Ankaopa benchi yakumbuyo, ndi maso a mkazi wake, ndi a Semba. Zaka zisanu ndi zinayi wakhala akuuza anthu kuti wokhululukidwa alibenso chobisa, iye mwini akubisala kuseri kwa chikhululukiro chomwecho ngati munthu wothawa ngongole ya manyazi.

"Chabwino," anatero Abusa motsitsa mawu. "Ndipemphera pemphero lalifupi, popanda mwambo. Alembi, kauzeni akwaya kuti..."

"Kadilesi kaja kanali ka Daisy."

Mawuwo anatuluka owuma, ngati akuwerenga zolengeza za pa Sabata.

"Mwati chiyani?"

"Ndinamutuma ndine. Ndalama ya minibasi ndinamupatsa ndine, mankhwala ndinalandira ndine, ndipo ndinamwetsa mwana ndi dzanja langali. Iye anakana kunditchula. Ine ndinalemba kuti ndi wosamvera."

Chinamudabwitsa n'choti mpweya unkalowa bwinobwino, mpaka anamva fungo la sopo lochokera m'bafa la neba.

A Semba anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Sanakweze mawu.

"A Zuze, munakhala pambali panga tsiku lija. Munandibwereka cholembera chanu kuti ndisayine."

"Eya."

"Ndipo zaka zonsezi mwakhala mukutigawira Mgonero."

"Ndinalapa kwa Mulungu, a Semba. Anandikhululukira. Zimenezo sindikayika ngakhale pano. Koma msuweni wanga ndinamusiya panja."

"Mwachita bwino kunena. Makiyi a ofesi mupereke kwa Abusa lero lomwe, bwalo likumana Loweruka." Anatembenukira kwa Abusa. "Koma musasokonezeke. Wotumidwa anapitabe kwa sing'anga ndi miyendo yake. Anaitanidwa, sanabwere kudzalapa. Chimene chasintha n'chakuti odulidwa tsopano ndi awiri."

"A Semba," anatero Abusa, "munthuyu anasenza mlandu wa mnzake zaka khumi ndi ziwiri osadandaula. Ine ndimaima paguwa kulalikira za wina amene anachita zomwezo."

"Ameneyo sanapite ku Bangwe."

Palibe anaseka. Peterson anaona kuti Abusa, mnyamata wa kolalayu, akuganiza za kalata ija, ndipo sanamuweruze. Iye mwini mantha otere anamutseka pakamwa zaka khumi ndi ziwiri.

Pamenepo anazindikira kuti windo la kuchipinda, lomwe linali pamwamba pa mitu yawo, linalibe galasi. Panali katoni chabe, ndipo kuseri kwake ndiko kunakhala namfedwa ndi Daisy.

Mildred, mkazi wa Jailos, anatulukira pakona ya nyumba wopanda nsapato, chitenje chili m'mapewa. Namfedwa sachoka pambali pa bokosi mwambo usanayambe, ndipo amayi awiri ankamutsatira akumunong'oneza kuti abwerere. Amene anamugwira mkono anali Daisy. Mtsikanayo sanayang'ane Abusa kapena a Semba. Anayang'ana bambo ake okha, osaphethira.

"Alamu," anatero Mildred, mawu atasasa ndi kulira kwa masiku awiri, "musavutike kundifotokozera. Kadilesi kaja ndinachapa ndine atabwera nako. Anandilumbiritsa kuti ndisadzanene, ndipo sindinanene. Ankati Mulungu akudziwa, basi zakwana. Ine ndinkamuuza kuti Mulungu akudziwa, koma ku Nsanje sakudziwa. Amayi ake ali moyo. Akaona bokosi likutsika popanda nyimbo adzati mwana wawo anafa ngati chigawenga."

"Mayi," anayamba a Semba, "nkhaniyi ili ndi ndondomeko yake..."

"Sindikulankhula ndi inu, bambo."

Anthu a pa mabenchi anali ataimirira, ena akusuzumira pakampatapo. Akwaya anasendera pafupi, zala zili pakati pa masamba a mabuku, osadziwa ngati atsegule. Amuna anayi onyamula bokosi anali ataima kale pakhomo, malaya atapinda.

Mildred anamasula mkono wake m'dzanja la Daisy, anapita kukaima pamaso pa Abusa, pafupi kwambiri moti iwo anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma.

"Muimba, kapena tinyamule?"