Loko wa Kubafa

Mwana wake wamkazi atabwera kuchokera kuchipatala pa njinga ya olumala, kalipentala wina anakulitsa zitseko zonse za m'nyumba, nagumula sitepe ya pakhonde. Atafika kubafa, anayamba kuzula loko.

"Ababa, mukutani?" anafunsa mtsikanayo.

"Ukadzagwa uli mkatimu, tidzalowa bwanji, mwanangu?"

"Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ababa. Ngozi ija inandilanda miyendo, osati manyazi. Lokoyo mungomutsitsa kuti ndizimufikira."

Bamboyo anakanda m'mutu. Kenako anagwada, nayeza pomwe dzanja la mwanayo linkalekezera, nabowola pamenepo.

Mawa lake mtsikanayo anasamba yekha atadzikhomera. Bambo ake anayima panja, akunamizira kupala chitseko chomwe chinali chosalala kale.