Khosi la Thokozire

"Ima bwino, iwe! Ili ndi khosi la munthu kapena kunsi kwa mphika?"

Ndinali nditamupanikiza Thokozire m'bafa, ndikumukwecha ndi mwala wotsukira zidendene. Linali tsiku lachitatu, koma kuda kwa pakhosipo sikunkachoka.

"Amayi, kukuwawa."

"Ukanamasamba bwino, bwenzi kukuwawa?"

Chinali chaka cha korona, sukulu zitatsekedwa. Ine ndimagulitsa mandasi ndi mafilizi pa siteji ku Area 25. Thokozire, mwana wanga yekhayo, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinkamutsekera m'nyumba kuopa matendawo. Kuti asalire, ndinkamusiyira mandasi anayi ndi mafilizi otsala, amwe mmene angafunire. Ananenepa. Azimayi anzanga ankati, "Amake Thoko, koma mwana mumasamala!" Ndinkanyada, ndisaname.

Kenako anayamba ludzu losatha, kukodza pafupipafupi. M'mawa wina Fatu, telala woyandikana nafe, yemwe timasamba bafa limodzi, anandiitana.

"Anzanga, bwerani muone nyerere. Zaunjikana pomwe wakodza mwana wanu. Malemu bambo anga zinkatero."

"Shuga ndi matenda a mabwana, Fatu. Uyu ndi mwana."

"Ndiye nyerere zapenga?"

Ndinapita naye mwanayo kuchipatala, komwe namwino anamubaya chala, nayang'ana kamakina kake nthawi yaitali. Atatero anakokera pansi kolala ya Thokozire, n'kuona mabala.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine. Sasamba ameneyu."

"Mayi, ili si litsiro. Khungu limada chonchi thupi likamalephera kulimbana ndi shuga. Ngakhale mutakwecha chaka chonse, silingayere. Si mwana woyamba kumuona chitsekereni sukulu."

Anatiuza za mankhwala, za zakudya, kuti mwana azithamanga tsiku lililonse. Thokozire sanafunse za mafilizi omwe anali atangomuletsa. Anatsitsa masiki pang'ono, nafunsa namwinoyo:

"Ndiye kuti ine si wauve?"

"Ayi, mwanawe. Ndiwe waukhondo."

Anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana mapazi anga.

Kupepesa mwana sindidziwa. Kwathu sitinakule nazo zimenezo. Titafika kunyumba ndinatenthetsa madzi, ndinamusambitsa ndekha ngati khanda, ndi manja okha. Ndikumudzoza mafuta pamabala paja, anadzidzimuka, kenako anatsamira mutu pamimba panga.

"Amayi, manja anu akununkhira mandasi."

"Nunkhiza basi. Kudya ayi."

Anaseka. Ine ndinati sopo wandilowa m'maso.

Mandasi ndimagulitsabe, nanga tidya chiyani? Koma kunyumba safika. Tiyi timamwa wopanda shuga tonse awiri, tikukwinya nkhope. M'mawa ndikasenza beseni, Thokozire amakhala ali kale pabwalo la Fatu, akudumpha chingwe, thukuta likuyenderera pakhosi lakuda lija.

Mwala uja sindinautaye. Ndinauika pansi pa chitseko, kuti mphepo isamachitseke.