Apongozi pa Khutu

Kompyuta siidziwa kumubisira munthu manyazi. Lolemba m'mawa ndinaitsegula mu ofesi yathu ya ku Kasungu boma, ndipo inandionetsa poyera kuti mayi anga ondibereka anamvetsera uthenga wanga masekondi anayi okha, n'kudula foni. Lachiwiri, masekondi atatu. Lachitatu sanayankhe n'komwe.

Ine ndine Tithokoze, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa mafoni kulankhula. Kabungwe kathu kamatumizira alimi a fodya malangizo, koma kale tinkatumiza olemba. Chaka chatha tinalemba kuti mvula yagwayi ndi chizimalupsa chabe, musawokere. Uthengawo unafika bwinobwino m'foni ya amayi ku Kapelula, n'kungokhala phee mmenemo. Amayi sadziwa kuwerenga, ndipo kupempha munthu kuti awawerengere amati n'kudzivula pagulu. Anawokera mbande zonse, dzuwa linabwerera ndi ukali, munda wonse n'kupserera. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinalumbira kuti chaka chino foniyo idzawauza yokha ndi pakamwa.

Musaganize kuti n'zamasewera. Poyamba tinaika kabelu kolira kuti tii uthenga usanayambe, alimi n'kumadula poganiza kuti mayunitsi atha. Tinakachotsa n'kuikapo "Odi!" Kenaka tinapeza kuti foni ikafunsa kuti mwadzuka bwanji, munthu wakwathu amayankha zenizeni, mpaka za chifuwa cha mwana, malangizo n'kumadutsa iye ali pakati pa moni. Ndinasiya mpata wa masekondi khumi kuti munthu ayankhe mtima uli m'malo. Za mawu sindinavutike kusaka. Mwamuna wanga Lucious amaimba besi m'kwaya, mawu ake ndi ozizirira bwino, ndipo ndinamujambula tili m'nyumba mwathu momwe.

Makalabu a kwa Mwase ankamvetsera mpaka kumapeto. Yovuta inali kalabu yakwathu, kumene amayi ndi wapampando, ndipo amayi akachisiya chinthu, azimayi onse amachisiya. Abwana anga, a Mphepo, anayang'ana pa kompyuta n'kupukusa mutu.

"Mayi Tithokoze, ngati mayi anu omwe sakumvera, ena ndikawauza chiyani? Mvula ikafika zili chonchi, ku Kapelula tibwerera ku mauthenga olemba."

Mvula inali itatsala milungu itatu. Ndinakwera njinga yamoto tsiku lomwelo, nditakwiya. Amayi ndinawapeza ku nazale, kudambo, akudulira mbande.

"Amayi, foni yanu ili bwino?"

"Ili bwino, mwanawe. Ndinatchajitsa dzulo."

"Nanga uthenga uja simukumvera bwanji?"

"Ee, koma mbuzi zavuta chaka chino," anatero akuyang'ana kumbali.

Ndinaona kuti pamenepa tichezera pomwepo. Ndinatulutsa foni yanga n'kulamula makina kuti awaimbire nthawi yomweyo. Amayi anamasula mfundo ya chitenje, anadina batani lobiriwira, n'kuika pa khutu. Ndinamva mawu a Lucious akuti, "Odi! Mwadzuka bwanji?"

Foni inagwera m'keni yothirira, mwayi wake munalibe madzi. Amayi, munthu wodandaula mawondo tsiku ndi tsiku, analumpha mabedi awiri a mbande, anakalowa pa udzu n'kugwada atandifulatira.

"Iwe Tithokoze, sukulu imene unapitayo inakuchotsa nzeru? Zaka zisanu ndi chimodzi ine ndi apongozi anga sitinayang'anizanepo maso. Tikakumana panjira wina amapatuka. Lero iwe ukuwabweretsa pa khutu langa penipeni? Mpaka mpweya wawo kuumva apa!"

Ine yemwe, amene Lucious akabwera kumudzi ndimathamanga pakati pa khonde ndi kuseri kwa nkhokwe kunyamula moni wa anthu awiriwa, ndinaiwala zonsezo nditangovala mahedifoni. Manyazi anandigwira, kenaka phwete, ndinaseka mpaka kukhala pansi.

"Komatu amayi, si iwowo ayi. Ndi mawu ojambula chabe."

"Mawuwo ndi a ndani?"

"A Lucious."

"Basi."

Nzeru inandibwerera pomwepo, ndipo ndinadziona wochenjera kwabasi. Bwanji osajambula amayi omwe? Fodya amamudziwa, anthu amawamvera. Anavomera mosavuta, anakasinthanso ndi mpango womwe, ngakhale ndinawauza kuti mawu saoneka. Tinadzitsekera m'nyumba titathamangitsa nkhuku, ine n'kumanena chiganizo, iwo n'kumabwereza.

Mlungu wotsatira azimayi onse a m'kalabu anamvetsera mpaka kumapeto. Amuna ambiri ndiye ankadula, masekondi awiri, atatu, ena osayankha. Nditabwereranso kumudzi ndinadzionera ndekha. A Grey, amuna a mkulu wanga Vailet, foni itangoti "Odi!" anavula chipewa, ananjuta pansi, n'kuitambasulira kutali ndi manja awiri ngati akupereka mbale kwa mlendo. Anakhala choncho mpaka uthenga unatha.

"Mwamvapo chiyani, alamu?" ndinafunsa.

"Palibe, mlamu. Koma ulemu wokha ndapereka."

Mudzi wathu ndi wa mbumba imodzi, ndipo amuna onse anabwera kudzakwatira. Amene sanakwatire mwana wa amayi anakwatira mwana wa mng'ono wawo. Ndinakhala pansi pa chigafa n'kuyamba kuwerenga anthu pa zala, ndipo aliyense amene ndamutchula anali mpongozi wa winawake. Ndinayesa mawu angawa, a Grey anati mawu a mlamu ndi oseka nawo, osati owokerera fodya. Ndinayesa mawu opangidwa ndi kompyuta, amayi anati chinthu cholankhulira m'mphuno chotere chisadzawaimbirenso. Ndinapsa mtima ndi mudzi wonse, ndi ine ndemwe.

Madzulo a tsikulo ndinapita ku mjigo kukasamba kumaso. Ndisanafike ndinamva mayi wina akukalipira ng'ombe imene inkamwa m'ndowa yake. Mawu ake anali omveka mbee, liwu lililonse palokhapalokha, moti ng'ombeyo inamvera. Azimayi ena anali chapatali, osacheza naye. Ndinamupatsa moni, ndipo anati dzina lake ndi Feliya, kwawo ndi ku Phalombe, iye ndi amuna ake ndi matenanti pa esiteti ya kutsidya kwa dambo.

"Kuno muli ndi abale?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Chaka chachinayi chino, ndilibe ndi mmodzi yemwe," anayankha motsitsa mawu.

"Ngakhale apongozi?"

"Ali kumudzi."

"Zikomo Ambuye!" ndinafuula. Mayiyo anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, ndipo ndinachita kupepesa kawiri ndisanamufotokozere.

Tinagwirizana, ndipo m'mawa mwake a Mphepo anabwera ndi galimoto kuti tijambulire mmenemo titatseka mawindo. Thukuta linali kamukamu. Ndinamuwerengera Feliya chiganizo choyamba chakuti alimi aone ngati chinyezi chalowa masentimita khumi ndi asanu.

"Zimenezo sindinena," anatero. "Ndani amapita kumunda ndi rula? Nenani kuti kumbani ndi khasu, mupise dzanja. Dothi lonyowa likapitirira chikhatho, wokerani. Likalekeza m'zala, dikirani."

Pepala langa lonse Feliya analitembenuza choncho, chiganizo ndi chiganizo. Anakananso mpata wanga wa masekondi khumi, amvekere, "Munthu akakuyankha moni umati zikomo, sungolumphira nkhani ngati wapolisi." Tinaikamo zikomoyo. Kumapeto ine ndinalemba kuti dinani wani kuti mubwereze. Iye anati, "Ngati ndathamanga, dinani batani loyamba, lakumanzere, ndinenanso. Sinditopa."

Mlungu umenewo manambala anakwera, amuna ndi akazi omwe. A Grey anamvetsera chipewa chili kumutu. Ku mjigo azimayi anayamba kumulandira Feliya ndowa n'kumamufunsa za nsabwe za m'fodya, moti Feliyayo anandidandaulira akuseka kuti masiku ano madzi amatunga ola lathunthu. Koma pa dzina la amayi pankangolembedwa kuti sanayankhe. Vailet anati amayi foniyo anaitsekera m'chikwama, akuti sakudziwa kuti mwana wawo uja awaikiramonso ndani. Ndinawatumizira mawu kuti ndi mlendo wa ku Phalombe, koma sanandiyankhe kanthu.

Mvula inagwa Lachinayi masana, yamphamvu, fungo la dothi mpaka mu ofesi. Aliyense ankati yafika, koma a zanyengo anati ikhala masiku khumi osabweranso. Ndinadziwa kuti ku Kapelula anthu akunola makasu, ndiponso kuti amayi mbande zawo zakhwima, manja akuwayabwa. Uthenga wa Feliya unapita Lachisanu m'mawa. Ndinakhala pa kompyuta osafuna kuyang'ana, kapu ya tiyi n'kuzizira ili m'manja.

Nditayang'ana, pa dzina la amayi panalembedwa mphindi ziwiri. Pansi pake panalinso mphindi zina ziwiri. Ndisanamvetse bwino, foni yanga inalira.

"Tithokoze, mayi uja wati tidikire," anatero amayi, osayamba ndi moni komwe. "Ndakumba, ndapisa dzanja. Chinyezi chalekeza m'zala. Sindiwokera ayi, ndipo ndawauza anzanga onse abweze makasu."

"Mwachita bwino, amayi. Koma ndaona kuti mwamvera kawiri. Wakudinirani ndani batani lobwerezera? Vailet?"

"Vailet ali ku chigayo. Ndinali ndekha kumunda."

"Nokha?"

"Ndekha. Iye wanena, ine ndamva, ndadina." Kenaka anatsitsa mawu. "Mwanawe, lero sindinapemphe munthu."

Ndinangogwedeza mutu, ngati kuti akundiona, misozi ikugwera pa tebulo la a Mphepo.