Makatoni Opemphereredwa

Anzake ankamutcha Sikelo, chifukwa mtsikanayu sankalola kanthu kudutsa asanakayeze. Mphunzitsi akangoti "pafupifupi", iye dzanja m'mwamba, kufunsa kuti pafupifupiyo ndi mamiligalamu angati. Anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamankhwala pa yunivesite ya mpingo, ndipo kuti avale gauni panatsala chinthu chimodzi chokha: a Dikoni asaine fomu yake yosonyeza kuti wagwira bwino miyezi itatu m'famase ya pasukulupo.

A Dikoni ndiwo ankayang'anira famaseyo. Anali munthu wachifundo, tisawanamizire, koma kuyamikidwa ankakukonda ngati mwana. Lachisanu lina analowa nkhope ili ngwee, pambuyo pawo makatoni asanu ndi imodzi a mankhwala ochokera kwa abale a mpingo akunja. Mawa lake kunali ulendo wokagawa mankhwala kwa osauka, ndipo wojambula zithunzi anali atauzidwa kale nthawi yonyamukira.

Pasukulupo ntchito iliyonse inkayamba ndi pemphero. Ophunzira asanu anagwirana manja kuzungulira makatoniwo, a Dikoni n'kupemphera mpaka miyendo kuchita dzanzi. Sikelo, Mulungu amukhululukire, anatsinzina diso limodzi lokha. Linalo linagwera pa katoni yapansi, yomwe m'mbali mwake munali mzere wa madzi ouma.

Katoni yomweyo ndiyo inamugwera. Ntchito yake inali kutsanula mapilitsi a khunyu pa thireyi, kuwerenga makumi atatu atatu, n'kuthira m'timapaketi tolembapo. Atatembenuza botolo loyamba, deti linamuuza kuti mankhwalawo adatha mphamvu chaka ndi miyezi iwiri yapitayo. Atatsegula, thonje lapakamwa linali lachikasu, mapilitsi ena atamatana, ena akufumbutuka m'zala ngati choko.

"A Dikoni, awatu adatha."

"Mwananga, madetiwo ndi a anthu amalonda. Iwe wophunzira, ukudziwa kuti pilitsi silifa tsiku lomwelo."

"Ndikudziwa. Koma awa adanyowa. Taonani."

Sanayang'ane n'komwe. "Kumene tikupitako anthu atha miyezi iwiri opanda mankhwala. Tipite chimanjamanja? Lemba dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake basi. Mzere wa detiwo uusiye. Tawapempherera, kodi sunamve?"

Anatuluka kukayankha foni. Sikelo anatsala mtima ukuwira. Mawu a a Dikoni sanali opusa, n'chifukwa chake anamupweteka kwambiri. Koma iye ankaona mayi wina akumwetsa mwana wake pilitsi lachoko lija m'mawa, n'kumusiya pafupi ndi moto mtima uli m'malo, poganiza kuti mwana wamwa mankhwala. Amene akudziwa kuti alibe mankhwala amamuyang'anira mwanayo. Amene wanamizidwa amapita kukachapa.

Anatenga cholembera chofiira. Pa kapaketi kalikonse analemba dzina, kamwedwe, kenako pa mzere wa deti analemba deti lenilenilo, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wa maso ofooka awerenge ali chapatali.

"Iwe, wapenga?" ananong'ona mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Kwatsala sabata imodzi. Ungopirira, ukakhala ndi famase yako uzikachita zako."

"Ine ndikungodzaza mizere," anatero Sikelo, osadzutsa mutu.

A Dikoni pobwera anapeza timapaketi makumi asanu ndi atatu titandandalikidwa pa tebulo, tonse tikufiira. Ananyamula kamodzi, n'kukabweza msanga.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mmene mudatiphunzitsira m'chaka chachiwiri. Mudandidula mamalikisi asanu chifukwa choiwala mzere womwewu. Sindinaiwalenso."

Wina kumbuyo anatsamwa ndi phwete, n'kunamizira kutsokomola.

"Ukudziwa kuti fomu yako ili m'dirowa yanga?"

"Ndikudziwa, a Dikoni."

"Ndiponso kuti pali gawo la khalidwe ndi kumvera?"

"Pamenepo muchonge mmene mukuonera." Sikelo anatenga thonje, n'kulinyowetsa ndi sipiriti, n'kuwapatsira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. "Inkiyi imafufutika. Ngati detili ndi lolakwa, fufutani inuyo. Dzanja langa ayi."

A Dikoni anayang'ana thonjelo, kenako ophunzira anayi aja mmodzimmodzi. Aliyense anapeza choti aziyang'ana pansi. Kusiya mzere wosalemba kunali kosavuta, koma kufufuta deti anthu akuona, palibe anafuna, ngakhale iwo eni. Sipiriti inauma thonje lili m'manja mwa Sikelo.

Katoni ya khunyu sinakwere galimoto. Koma poweruka a Dikoni anatsegula dirowa, n'kumubwezera fomu yake yoyera mbee. "Miyezi itatuyi udzayambirenso chaka chamawa. Mwina udzakhala utaphunzira kudzichepetsa."

Loweruka masana, anzake ali ku ulendo uja, iye anapita kwa mayi ake, telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato. Anawapeza akumalizitsa diresi yobiriwira yoti Sikelo adzavale mkati mwa gauni, ndipo asanakhale n'komwe anamuveka kuti ayeze m'chiuno. Anawauza zonse ataimirira choncho, manja ali m'mwamba, misozi ikutsikira m'khosi. Zinamuwawa, pakuti ankadziwa mausiku amene makina awo osokera analira kuti iye afike pamenepa.

Mayi ake anamvetsera mapini ali kukamwa. Anawalavulira m'dzanja.

"Ana a eni akewo amwa zimenezo?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye ukulira chiyani? Tembenuka." Anakoka nsalu kumsana, n'kubaya pini mwamphamvu mpaka Sikelo anadumpha. "Diresi iyi ndimaliza lero. Mawa uivale ku chapelo cha kusukulu kwanuko, ukakhale benchi yakutsogolo penipeni. Nanenso ndibwera. A Dikoni akowo ndikufuna akatipatse moni."