Gemu ya Malemu Elson

"Ichi chokha musachitulutse anthu akuona," anatero Edna, akukankhira thumbalo kuseri kwa matumba a kachewere.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda mlongo wake, Elson, amene anagundidwa ndi lole pamsewu wa ku Lizulu. Amalume awo, a Maynard, anali atayala katundu wa malemuyo pamkeka kuti agawe: makasu, jekete, nsapato za kutchalitchi. M'thumba lija munali makina a gemu olumikiza ku TV, amene Elson anabwera nawo kuchokera ku Joni. Anzake ankabwerako ndi ndalama za malata, iye anabwera ndi choseweretsa. Edna, mphunzitsi wa pa Boma, zinkamuchititsa manyazi, ndipo sankabisa. Ngakhale powerenga mbiri ya malemu pamaliro anangoti "anali mlimi," n'kukhala pansi ngati wina akumuthamangitsa.

"Mawa ndikawapatsa anyamata a vidiyo kumsika," anatero a Maynard. "Munthu wandevu zake kumakhalira kugwedeza manja pa TV! Ati tsiku lina zimenezi zidzalowa m'zipatala ndi m'masukulu. Uku kachewere akuola kumunda."

Zione, mkazi wa malemu, anali chikhalire pakhomo, mpango wakuda kumutu. Anayankhula osadzutsa maso.

"Amalume, tengani zonse. Koma icho ndi cha abambo."

Onse anacheukira pakhonde pomwe panakhala a Lazarus, bambo wa Edna ndi Elson. Sitiroko inawagwira zaka ziwiri zapitazo, n'kuwapha mkono wamanja ndi kuwalemeretsa lilime.

"Cha abambo bwanji, alamu?" Edna anakalipa. "Mukufuna atiseke kawiri?"

"Kuchipatala anati azipita kumafizo kawiri pa sabata. Inu munati sukulu siyikupatsani mpata. Amalume anati ndi ukalamba, tingowasiya. Ndiye amuna anga ankatseka chitseko masana aliwonse, n'kuwayatsira gemu yoponya mpira kuti mkonowo uzigwira ntchito. Ankatseka kuti anthu asaseke abambo. Anati bola anthuwo aziseka iwowo, osati abambo." Zione anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Dzulo munaombera m'manja mutawaona abambo akunyamula okha kapu ya tiyi. Mumayesa zinangochitika?"

A Maynard anakhosomola, n'kuyamba kupinda jekete lopindapinda kale.

Manyazi anamugwira Edna, enieni tsopano, oposa aja ankayenda nawo zaka ziwiri. Mawu omaliza amene anauza mlongo wake pafoni anali akuti, "Kula, Elson, usatinyazitse." Elson anangoseka, n'kumufunsa ngati ana ali bwino. Ndipo iye Edna, wa masatifiketi ake, dzanja lodwala la bambo ake anali asanaligwirepo n'kamodzi komwe.

Anapita kuseri kwa matumba kuja n'kusolola thumba. Sanazembere kukhomo lakuseri. Anadutsa nalo pabwalo, achibale onse akuona, mpaka pabalaza.

"Alamu, mawayawa amalowa pati?" anafunsa motsitsa.

Zione anadzuka n'kumulumikizira ku batire ya sola. Kenako anawagwira a Lazarus mkono n'kuwalowetsa pang'onopang'ono mpaka pampando wawo.

Rimoti ya gemuyo inali yokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, mbali ina ikulendewera.

"Ndi yomangira kudzanja kuti isagwe," anatero Zione.

Edna anagwada. Anatenga dzanja la bambo ake, lozizira ndi lopepuka, n'kuikamo rimotiyo. Anazunguliza mphira ija n'kumanga zolimba, poopa kuti ingagwe.

A Lazarus anapukusa mutu. Ndi dzanja lamanzere anamasula mfundoyo, kenako anagwira chala cha mwana wawoyo n'kuchilowetsa pakati pa mphira ndi khungu lawo.

"Elson," anatero movutikira, "amasiya... chala chimodzi. Kuti isandipweteke."

Edna anamanganso, chala chake chili momwemo.